Elenala ndi Foni ya ku Chimbowera

Mukatsika minibasi pa Kachulu, m'mphepete mwa nyanja yathu, musanafike pamathandala oyanikapo matemba, yang'anani kudzanja lamanja. Muona kanyumba kopaka laimu kali ndi sola padenga. M'menemo ndi mwa Elenala, mayi wolemba ndi kusindikiza zinthu pakompyuta. Pakhomo pake penipeni, pansi pa mtengo wa kesha, pamakhala munthu wokonza njinga, wooneka bwino, wamano onse m'kamwa. Ameneyo ndine, Thomson. Elenala ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga, ndiye musadabwe mukamva ndikumuitana kuti mkazi wanga. Ndi chisuweni chabe. Akazi anga enieni amadziwa, ndipo anamuuza kale kuti tsiku lililonse akafuna adzanditenge, ulere, pamodzi ndi mapampu anga.

Makolo athu anachokera kuseri kwa nyanjayi, ku Mozambiki, ndipo anabwera ndi makasu, miphika ndi mwambo umodzi womwe sitinausiye: nkhani iliyonse yaikulu ya mkazi imadzera kwa mlongo wake wamwamuna. Ukwati, munda, mlandu, matenda, zonse amayamba kumva ndi mwinimbumba. Kwa azakhali anga mwinimbumba anali bambo anga. Iwo atatisiya, udindowo unagwera Samsoni, mchimwene wake wa Elenala. Musaiwale dzina limeneli.

Elenala sukulu anafika nayo Fomu 2, kundiposa ine yemwe ndinatsanzikana ndi aphunzitsi ndili Sitandade 6, mwamtendere, popanda wolira. Anakwatiwa ndi mnyamata wina wa ku Songani amene anapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo mpaka lero akusakabe. Anamusiyira ana awiri ndi wailesi yosalankhula. Elenala sanakhale pansi. Anayamba kugula matemba padooko, kuyanika, kukagulitsa ku Zomba. Kenako chinafika chaka chija nyanja inauma, anthu n'kumapalasa njinga pamene tinkapalasa mabwato. Matemba anatha. Anasiya ana kwa mayi ake n'kupita m'tauni kukasesa pashopu yosindikizira mapepala ya mayi wina dzina lake Zainabu.

Mayi Zainabu anaona kuti wosesayu akafika pakompyuta tsache limayenda pang'onopang'ono. Anamukhazika pampando, namuphunzitsa. Patapita zaka, pamene nyanja inali itabwerera, Elenala anati akufuna kubwerera kwawo, ndipo mayiwo anamupatsa kompyuta yawo yakale ngati chomutsanzikira. Inali yolemera ngati thumba la mchere, ndipo ikayaka inkalira ngati chigayo chikuyamba kugaya. Ine ndinaitcha Nkhalamba tsiku lomwelo.

Apa ndifotokozeko pang'ono, poti nanenso ndinachita kufotokozeredwa. Kompyuta payokha ndi chitini chabe. Zomwe zimagwira ntchito ndi zimene amaikamo mkati, zotchedwa mapulogalamu. Ena amagulitsidwa ndi makampani. Ena anapangidwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana amene amangogawa kwa aliyense. Aulerewa ali ngati chitsime cha m'mudzi: tunga mmene ungathere, palibe wokulipiritsa, koma chingwe chikaduka palibenso woti ukam'gogodere pakhomo. Mu Nkhalamba munali aulere okhaokha.

Ndipo inagwira ntchito, ndisaname. Makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, ndondomeko za mwambo wa maliro, mayeso a ana a sukulu, zonse zinkatuluka m'kanyumba kaja. Kunja kugwe mvula, netiweki ithawe sabata yonse, Nkhalamba sinkafunsa munthu. Bola dzuwa lawala padenga. Ana a Elenala anadya, anavala yunifomu, iye n'kuyamba kunenepa m'masaya.

"Mkazi wanga, ukunenepa chonchi ukudya ndi ndani?" ndinkamufunsa.

"Ndi amuna anga enieni, awa akulira apawa," ankayankha akusisita Nkhalamba. "Awa sapempha ya fodya ngati inu."

Mavuto anayamba atagula pulinta yatsopano yotulutsa mitundu. Pulinta ndi Nkhalamba zinakana kulonjerana. Elenala anafufuza pafoni, napeza azungu ndi amwenye akukangana m'Chingerezi za vuto lomwelo, wina akuti lemba ichi, wina akuti amene wanena zimenezo sadziwa kanthu. Anatsatira wina mwa iwo, pulinta n'kutsokomola pepala lodzaza manambala, basi n'kugona. Komanso aphunzitsi akabweretsa mayeso olembedwa kale pamakompyuta ena, mizere inkadumphadumpha, funso lili kuno yankho lake lili tsamba lina. Tsiku lina ndinamuona atagwira m'chiuno akuyang'ana Nkhalamba ngati mmene amandiyang'anira ine.

M'masiku amenewo ndi pomwe anatulukira a Edwadi, panjinga yamoto, tayi ali m'khosi ngakhale kunali kutentha. Ankagulitsa pulogalamu ya kampani ina ya ku Blantyre, yopangira makadi, zikwangwani ndi zina zotero. Sanali tambwali ayi, anali munthu waulemu.

"Amayi, bizinesi yanu yakula," anatero. "Chaulere ndi chabwino, sindikunyoza. Koma tsiku lomwe chidzakugwetseni, mudzaimbira ndani? Ife tili ndi ofesi, tili ndi foni, tili ndi ine."

Mawu amenewo anamulowa Elenala, poti bala la pulinta linali likadali laliwisi. Anagula kompyuta ina yogwiritsidwapo kale ntchito koma yachinyamata, a Edwadi n'kuikamo pulogalamu yawo, yolipira mwezi ndi mwezi kudzera pafoni. Polembetsa anafunsa dzina, kenako anati:

"Tsopano nambala ya foni ya mwini wake."

Elenala sanaganize kawiri. Anatchula nambala ya Samsoni.

"Imeneyi ndi yanu?"

"Ndi ya achimwene."

"Bizinesiyi ndi yawo?"

"Bizinesi ndi yanga. Koma mwafunsa mwini."

A Edwadi anakweza mapewa n'kulemba. Ine ndinalipo, ndipo sindinaone cholakwika. Kuchipatala akafunsa za mwini wodwala timatchula mwinimbumba. Kubwalo la milandu chimodzimodzi. Nanga chinthu chachikulu chochokera ku Blantyre, chobwera ndi munthu wa tayi, mkazi angachilandire yekha ngati alibe abale? Ndinangonena kuti ngati akufuna nambala ya mwamuna, yanga ilipo. Elenala anati foni yanga imakhala yopanda moto ngati mwini wake.

Pulogalamu yogulayo inali yabwino, ndipo amene anganene zosiyana ndi ine abwere tidzakambirane pansi pa kesha. Pulinta inaimvera tsiku loyamba lomwe. Munali zithunzi zokonzeratu, maluwa, mbalame, mphete za ukwati, nkhunda za pamaliro. Pakavuta kanthu Elenala ankaimba foni, a Edwadi n'kuyankha. Tsiku lina ndinaona ndi maso angawa kamuvi ka pakompyuta kakuyenda kokha, a Edwadi akukayendetsa ali ku Blantyre. Ndinavula chipewa. Nkhalamba inakulungidwa m'chitenje chakale n'kukankhidwira kunsi kwa tebulo, ndipo ntchito yake inakhala yopondapo mapazi.

Chaka chatha, mpunga utakololedwa, kunabwera Mayi Violet. Iwowa ndi wapampando wa kalabu ya amayi olima mpunga kusikimu ya Likangala, mayi wamfupi, wosalankhula kawiri. Amayi a kalabuyi anali atatopa ndi mavenda ogula mpunga ndi ndowa zotupa m'mimba. Anayenda, anagogoda, mpaka mwini shopu ina yaikulu m'tauni ya Zomba anavomera kuwapatsa shelefu yawoyawo. Koma anaika lamulo. Mpunga ukhale m'mapaketi, paketi iliyonse ikhale ndi lebulo, kapepala komata konena dzina la kalabu, kulemera kwake ndi tsiku lopakira. Lole yake idzadutsa Lachisanu m'mawa. Akadzapeza mapaketi alibe malebulo, shelefu ija adzapatsa anthu ena omwe ankaifunanso.

Elenala anapanga lebulo yokongola: mpunga wobiriwira m'munsi, kakowa woyera ataima pakati. Amayi anaiona pakompyuta, anaombera m'manja. Chinatsala n'kuikapo tsiku lopakira ndi kusindikiza, ndipo anapangana kuti zimenezo zichitike Lachinayi, amayi adzamate pomwepo.

Lachitatu kompyuta yachinyamata ija inakana kuyaka. Elenala anainyamula pamutu mpaka pa siteji, ulendo wa kwa wokonza makompyuta ku Songani. Wokonzayo atatsegula anapeza nyerere zitamanga mudzi mkati, ndi mazira omwe, poti m'menemo mumafunda nthawi yozizira. Anasintha kachipangizo kena, kompyuta n'kuyaka, ndipo Elenala anabwera madzulo akuimba nyimbo ya kwaya.

Lachinayi m'mawa amayi a kalabu anafika ndi mapaketi awo pangolo, nawaunjika pakhonde. Anakhala pansi, miyendo tambalale, akudikira. Ine ndinali ndikumata chubu. Ndinangomva kuchokera mkati:

"A Thomson, tabwerani."

Akanditchula dzina langa lenileni ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ndinalowa. Pulogalamu ija inali itatseka chitseko. Chifukwa cha kachipangizo kosinthidwa kaja, inkaona ngati yabedwa n'kuikidwa m'kompyuta ya munthu wina. Inalemba kuti yatumiza nambala yachinsinsi kufoni ya mwini wake, ndipo sitseguka mpaka nambalayo ilembedwe.

"Sunalipire mwezi uno?" ndinafunsa.

"Ndinalipira. Vuto si limenelo. Yatumiza kwa achimwene."

Tinayang'anana. Samsoni anali kuchimbowera.

Kwa inu a kumtunda: chimbowera ndi kanyumba komangidwa pamwamba pa madzi. Asodzi amadula njedza, udzu wautali wa m'nyanja muno, n'kuunjika mpaka ukhale ngati kachilumba koyandama, kenako amamangapo msasa. Amakhala kumeneko masabata, akutchera miyono ndi kuwamba milamba, osaponda mtunda. Samsoni anali atalowa kalekale, ndipo kumene anali netiweki imafika ngati mlendo wodutsa.

Elenala anaimbira a Edwadi. Anayankha msanga, monga mwa nthawi zonse, ndipo foni inali pa sipika.

"Pepani kwambiri amayi. Imeneyo ndi njira yotetezera inu nomwe, kuti wakuba asagwiritse ntchito zinthu zanu."

"Wakuba wake ndi uti? Ndine ndemwe, a Edwadi. Mawu angawa simukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa bwino. Koma makina sadziwa mawu. Nambala ikapita kufoni ya mwini, ine ndilibe mphamvu yoiona."

"Ndiye sinthani muike yanga."

"Kusintha kumafuna mwini nambala yakaleyo avomereze ndi pakamwa pake. Achimwene anuwo ali kuti, kuntchito?"

"Ali m'madzi," ndinayankha ine.

Kunja amayi anali atasiya kucheza. Mayi Violet anasuzumira pakhomo, nayang'ana Elenala, nayang'ana pulinta ili duu. Anabwerera kukakhala pansi. Kukhala chete kwa mayi amene uja kumaposa kukalipa kwa anthu khumi. Elenala ankadziwa kuti amayi aja anakana kupita kwa osindikiza a m'tauni chifukwa chokhulupirira mwana wa pakhomo. Lole ikadzabwerera yopanda kanthu, shelefu yapita, thukuta la chaka chonse libwerera ku ndowa za mavenda, ndipo dzina la Elenala ku Likangala latha.

"Amuna anga," anatero motsitsa mawu, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yandipeza. "Kale munkapalasa bwato la ku chilumba cha Chisi."

"Kale ndinalinso ndi tsitsi."

"Pitani mukawapeze achimwene. Mukafika mundiimbire, ine ndidina kuno, nambala ikalowa mundiwerengere."

Anandipatsa kabatire kake kotchajira foni. Ndinabwereka bwato kwa mnzanga padooko, ndinatenga nsungwi yokankhira, ulendo.

Nyanja yathu si yakuya, koma m'njedza muli tinjira tambirimbiri tofanana, ndipo mphepo ya mwera inali itayamba kale kuluma m'makutu. Ndinafunsa pachimbowera choyamba, anandilozera kum'mawa. Pachiwiri anandilozera kumene ndinachokera. Pachitatu anayamba andifunsa ngati kumtunda kwagwa maliro, poti munthu wovala malaya a mabatani safika kumeneko ndi nkhani yabwino. Dzuwa litakwera ndinamva fungo la utsi ndi mawu a munthu akuimba nyimbo ya tchalitchi molakwitsa, ndipo ndinadziwa kuti ndafika.

Samsoni ndi chimunthu chachitali, cholankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kugula. Atandiona anaimirira, chimbowera chonse n'kugwedera.

"Ndani watisiya?"

"Palibe, msuweni. Kwadwala kompyuta."

"Ndiye mwabwera kwa ine? Ndine dokotala?"

"Ndinu mwini wake. Foni yanu ili kuti?"

Analoza kudenga. Inali m'pepala la shuga, pepalalo lili m'chitini, chitinicho chili lende pachingwe. Inali itazima kalekale. Samsoni anati amaizimitsa dala, chifukwa ikayaka anthu amangopempha nsomba.

Tinailumikiza kukabatire mpaka inatsegula maso. Netiweki panalibe. Tinakwera bwato tonse awiri, kutuluka m'njedza kupita poyera, Samsoni akukankha, ine nditaimirira mafoni awiri m'mwamba ngati ndikudalitsa nyanja. Pena kanabwera kamzere kamodzi ka netiweki. Ndinaimba.

"Mkazi wanga, dina!"

"Ndadina. Yafika?"

"Sinafike."

"Nanga pano?"

"Kwafika uthenga woti achimwene ako apambana mwayi wogula mayunitsi."

"A Thomson, musandiseketse, ndilibe mphamvu."

Mphepo inatikankha, kamzere kaja n'kuthawa. Pamene tinakapezanso, nambala inalowa. Ndinaiwerenga mokuwa, asodzi a patali n'kumatiyang'ana. Elenala analemba. Pulogalamu inati nambalayo yafa kale, chifukwa imakhala ndi moyo kanthawi kochepa, ngati mafulufute. Tinayesanso. Ina inafika mochedwa. Ina inafika bwino koma foni yanga inaduka ndili pakati powerenga. Kenako Elenala anaimba yekha, mawu ake ali ozizira.

"Yatseka. Ikuti tayesa kambiri, tidikire mpaka mawa masana."

Mawa masana lole idzakhala itadutsa kale.

"Bwererani," anatero, n'kudula.

Ndinati nditenge foni ya Samsoni ndizipita, koma iye anakana. Anatseka msasa wake, anapempha mnzake amuonerere miyono, nakwera bwato. Titayandikira dooko ndi pomwe anati:

"Ndiye kuti shopu ya mlongo wanga ndatseka ndine?"

"Simunatseke ndinu."

"Nanga ndani? Ine ndinkaona ngati anandilemba kuti zikadzavuta ndidzamuimire. Sindinkadziwa kuti ndanyamula kiyi kupita naye m'madzi."

Tinakocheza dzuwa litapendeka. Ndinkayenda pang'onopang'ono, ndikukonza mawu oti ndikawauze amayi aja. Tisanafike pamtengo wa kesha ndinamva phokoso lomwe ndinali nditaliiwala: chigayo chikugaya m'kanyumba ka Elenala. Pansi pa phokosolo pankamveka kena, tsiii, tsiii, kulira kwa pulinta. Pakhonde amayi anali pamzere, wina akudula, wina akumata, wina akulongedza, ndipo ankaimba.

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, malaya a mabatani ali chinyowere.

Mkati, Nkhalamba inali patebulo, chitenje chake chili pansi. Elenala maso anali ofiira, koma osati ndi misozi. Anatifotokozera uku akudyetsa pulinta mapepala. Atadula foni ija anakhala pampando, naponda pomwe amaponda masiku onse, phazi n'kugunda Nkhalamba. Anaitulutsa, anaipukuta, anaiyatsa. Inayaka, osafunsa kuti mwini wake ndani.

Koma musaganize kuti zinangoyenda ngati madzi. Lebulo ya kakowa ija Nkhalamba inalephera kuitsegula, inangoonetsa timabokosi. Kakowayo ndi zilembo zokongola zija zinali za kampani, zinatsekeredwa limodzi ndi pulogalamu. Anayenera kuyamba pachiyambi, ndipo zala zinali zitaiwala njira. Ali pakati, Nkhalamba inauma gwa, kamuvi osasuntha, ntchito yonse n'kutayika. Akuti apo anatuluka panja, anazungulira nyumba, anabwerera, nayambanso, ulendo uno akusunga pakangopita kanthawi.

"Nanga mbalame unaitenga kuti?" ndinafunsa.

Anandipatsa lebulo imodzi. Panalibe mbalame. Panali Mayi Violet atanyamula lichero la mpunga, akuseka mano onse panja. Ine chibadwire sindinawaonepo akuseka.

"Unawachita chiyani?"

"Ndinawauza kuti inu mwagwera m'madzi."

"Nanga pulinta? Si paja ziwirizi sizilankhulana?"

Sizinalankhulane mpaka lero. Chimene anachita n'chakuti atamaliza lebulo pa Nkhalamba anaisunga ngati chithunzi wamba, naiika pa fulashi, kachipangizo konyamulira zinthu za pakompyuta, n'kukaibaya pakompyuta yachinyamata. Chotsekedwa chinali pulogalamu yokha, kompyutayo inali bwinobwino, ndipo kusindikiza chithunzi sikufuna chilolezo cha ku Blantyre. Akuti nzeru imeneyi ikanamubwerera kale, atangogula kompyuta yachinyamata ija, mwina sakanavutika chotero, koma nthawi imeneyo panalibe Mayi Violet atakhala chete pakhonde.

Mtundu wobiriwira unatuluka wofiirira pang'ono, ngati mpunga wosowa feteleza. Zilembo zinali wamba. Koma dzina linalipo, kulemera kunalipo, tsiku linalipo. Samsoni anaima pakhomo, chipewa m'manja, akununkha utsi wa milamba. Elenala anagwada pang'ono pomulonjera.

"Achimwene, pepani ndakuvutitsani."

"Wavutika ndiwe, mlongo. Ndipatseni guluu."

Ndipo chimunthu chija chinakhala pakati pa amayi n'kuyamba kumata malebulo, ambiri mopendama.

Lachisanu m'mawa lole inabwera. Kalaliki wa shopu anatenga paketi imodzi, anaitembenuza uku ndi uku, anayang'ana chithunzi, anayang'ana Mayi Violet omwe anali atabwezeretsa nkhope yawo ya masiku onse, nafunsa ngati ali pachibale ndi mayi wa palebuloyo. Kenako anati kwezani. Lole itanyamuka amayi analuluta mpaka asodzi padooko anatembenuka. Elenala sanalulute. Analowa m'nyumba, anakhala pampando, navula nsapato, n'kupuma mpweya wautali womwe ndikuganiza anaugwira kuyambira Lachitatu.

Masana ake tinaimbira a Edwadi. Samsoni anasamba, anavala jekete la kutchalitchi, ngakhale tinamuuza kuti pafoni saoneka. Anaimirira polankhula.

"Ndine Samsoni, mwinimbumba. Ndikuti chotsani nambala yanga muike ya mlongo wangayu. Ukwati wake, munda wake, maliro ake, zimenezo zidzandipeza ine. Koma izi za makina zizimupeza yekha, poti ine ndimakhala m'madzi."

A Edwadi anasintha pomwepo, pulogalamu n'kutseguka, kakowa uja ali chiimire pomwe tinamusiya. Anapepesa, nati nawonso aphunzirapo kanthu: akamalembetsa anthu a kunyanja kuno azifunsa kuti foni ikalira amayankha ndani, osati mwini ndani. Kenako anafunsa mwaulemu ngati amayi akufuna kusiya pulogalamu yawo.

"Ayi," anatero Elenala. "Makadi a ukwati amakongola ndi yanuyi. Koma musadzandiuzenso kuti nditaye inayi."

Kuyambira pamenepo patebulo pake pamakhala makompyuta awiri, ndipo ine ndimati mkazi wanga ali pamitala. Wamng'ono ndi wokongola, amadziwa mafashoni, abale ake amayankha foni, koma amafuna ndalama mwezi ndi mwezi ndipo akakwiya amakhoma chitseko ndi katundu wako mkati. Wamkulu ndi waphokoso, wochedwa, akadwala palibe kwawo koti ukanene, koma sanafunsepo chiphaso kwa munthu. Ntchito iliyonse yaikulu Elenala amaisunga mwa njira yoti onse awiri athe kuitsegula. Loweruka lililonse amayatsa Nkhalamba, ngakhale palibe chochita, kuti zala zisaiwale komanso nyerere zidziwe kuti muli anthu.

Anthu a mashopu ena, ngakhale a ku Songani, amabwera kudzamufunsa kuti chodalirika n'chiti, chaulere kapena chogula. Amawafunsa kaye kuti chikadzakana kugwira ntchito tsiku la lole, adzatani. Ambiri amakanda m'mutu. Ena amakagula, ena amakaika zaulere, ndipo onse amabwerabe kudzadandaula, aliyense ndi dandaulo lake.

Shelefu ija amayi akadali nayo. Pamene ankasindikiza malebulo achiwiri panabuka mkangano woti abwezeretse kakowa kapena ayi. Amuna awo a Mayi Violet ankafuna kakowa, ati sizoona kuti mkazi wawo azisekerera m'makhitchini a anthu onse a ku Zomba pamene kunyumba saseka. Amayi anavota, kakowa anagonja.

Samsoni anabwerera kuchimbowera tsiku lotsatira, foni yake ili m'pepala la shuga. Ine mapewa anandipweteka sabata yonse. Nditapita kukadandaula kuti munthu wovulala pantchito amayenera chipukutamisozi, Elenala anandipatsa paketi imodzi ya mpunga, ya lebulo yopendama, yomata achimwene ake.

"Ndipo pamalo a nambala yachiwiri, yoti ikasowa yako aziimbira, unalemba ya ndani?" ndinamufunsa, ndikuyembekezera kumva yanga. "Paja a Edwadi anati pakufunika iwiri."

"Ya akazi anu," anatero, osachotsa maso pakompyuta. "Iwo ndiye amadziwa kumene mumakhala."